Mukafuna makina opalasa akale, yambani mwawapalasa musanatulutse ndalama

Chaka chimene adokotala anandiuza kuti BP yanga yayamba kukwera, ndinali nditakhala zaka zinayi ku Nottingham, ku Britain, ndikugwira ntchito yausiku yosamalira okalamba. Anandilangiza kuti ndizilimbitsa thupi. Koma mwezi wa Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mvumbi umatha kugwa tsiku lonse, ndipo munthu amene waweruka 8 koloko m'mawa alibe mphamvu zokathamanga pamsewu woterera. Ndinkafuna chinthu choti chikhale m'nyumba momwemo, ndikadzuka ndingokhalapo mphindi 20, ndisambe, ndizipita kuntchito.

Makina anga oyamba opalasa, aja olimbitsira thupi otsanzira kupalasa bwato, ndinagula mopupuluma kwa munthu wina pa intaneti, chifukwa mtengo unali wotsika ndipo pachithunzi ankanyezimira. Anali a timipope tiwiri ta oyilo m'mbali, tonga mashokapu a galimoto. Patangotha milungu itatu kampope kamodzi kanayamba kutentha, kenako kanadonthetsa oyilo wakuda pakapeti ya eni nyumba. Dzanja lamanja linkakoka molimba, lamanzere mopepuka, msana n'kuyamba kuwawa mbali imodzi. Ndinafufuza kampope kena paliponse, osakapeza, chifukwa dzina lolembedwa pamakinapo linali la kampani yomwe inasiya kalekale kupanga zinthuzi. Ndalama ija inapita, ndipo inandipweteka. Makina achiwiri, amene ndikupalasa mpaka lero, ndi akale kuposa oyamba aja ndi zaka zambiri. Chimene chinasintha ndi kagulidwe kanga, ndipo ndi kamene ndikufuna kukufotokozerani.

Yambani ndi kudziwa mtundu umene mukufuna

Pali mitundu inayi. A timipope ta oyilo aja asiyeni, makamaka akakhala akale. A maginito sachita phokoso ndipo ambiri amapindika, koma ochuluka a mtunduwu amatuluka ndi mayina osiyanasiyana omwe amazimiririka pakapita zaka zochepa, ndiye lamba akaduka kapena kakompyuta kake kakafa, mwatsala ndi chitsulo chopachikapo matawulo. Otsala awiri ndiwo oyenera kuwaganizira: a mphepo ndi a madzi.

A mphepo ali ndi fani yaikulu kutsogolo. Mukakoka chogwirira, tcheni imazunguza faniyo, ndipo mphepo ndi imene imalimbana nanu: mukakoka mwamphamvu, nayonso imalimba. Odziwika kwambiri ndi a Concept2, kampani imene anayambitsa anthu awiri apachibale, Dick ndi Peter Dreissigacker, mu 1976 ku Vermont, ku America. Anayamba ndi kupanga nkhafi za mabwato a mipikisano, makina anadza pambuyo. A madzi ali ndi thanki yoonekera mkati momwe muli zopalasira, ndipo otchuka ndi a WaterRower, amene John Duke anawatulukira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ambiri athabwa. Amamveka ngati mafunde ang'onoang'ono kunyanja, phokoso lake n'lochepa, ndipo amaimikidwa chilili pakona mukamaliza.

Ine ndimakonda a mphepo, pachifukwa chimodzi chachikulu: pafupifupi kachidutswa kalikonse kamene kamatha kamagulika padera, ndipo munthu amene anakonzapo njinga yakapalasa akhoza kukasintha yekha. Koma ngati mumakhala m'nyumba zosanjikizana, pansi panu pali anthu, kapena mnzanu wa m'nyumba amagona masana atachoka kuntchito yausiku, ganizirani za a madzi. Fani ya mphepo imalira ndithu, ndipo wailesi yakanema muyenera kuikweza kuti mumve.

Yezani malo musanayambe kusaka

Apa ambiri amagwa mphwayi. Concept2 ndi yotalika masentimita 244, m'lifupi 61, ndipo kampaniyo imalangiza malo a masentimita 274 m'litali ndi 122 m'lifupi kuti zigongono ndi msana zisamagunde khoma. Tengani tepi, yezani pansi, osati ndi maso. Ubwino wake imagawika pawiri mukafuna kuisunga. Ngati muli ndi vuto la mawondo kapena mukugulira makolo, dziwani kuti mpando wa Concept2 ya mtundu wa Model D uli masentimita 36 kuchokera pansi, pamene wa Model E uli masentimita 51, ngati mpando wamba, ndipo kudzukapo n'kosavuta.

Dziwani zaka za makinawo

Wogulitsa akangolemba kuti "Concept2, ili bwino", simunadziwe kanthu. Model A inatuluka mu 1981, ndipo fani yake inali gudumu lenileni la njinga. Model B inabwera mu 1986, fani yake ili m'kati mwa khola lawaya. Model C ndi ya 1993, Model D ya 2003, Model E ya 2006, ndipo kuyambira mu 2021 dzina la D ndi E linasintha kukhala RowErg. A ndi B ndi a anthu okonda zakale ndi kukonzakonza, ngati mukungofuna kutuluka thukuta yambirani pa C. Model C mudzaizindikira ndi chogwirira chathabwa chowongoka, pamene cha D n'chapulasitiki chopindika pang'ono. Chogwirira cha D chimalowanso pa C, choncho musadalire chizindikiro chimodzi chokha. Pemphani chithunzi cha kapepala komatidwa pamakinapo komwe pali nambala yake.

Kakompyuta kowerengera kalinso ndi mibadwo yake: PM1, PM2, PM3 ya 2003, PM4 ya 2006, ndi PM5 ya 2014. PM5 yokha ndi imene imalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth. Ngati zoterezi simukuzifuna, PM3 ikukwanirani, imaonetsa mtunda, nthawi, kuchuluka kwa mapalaso pa mphindi ndi liwiro pa mamita 500 alionse. PM5 imatheka kuikidwa pa Model C, koma siyotsika mtengo, ndiye makina a kakompyuta kakufa muziwawerengera limodzi ndi mtengo wa katsopano.

Kosaka ndi zofunsa musananyamuke

Kuno ku Britain yang'anani pa Facebook Marketplace, Gumtree ndi eBay. Ku South Africa nakonso Facebook Marketplace ndi Gumtree zimathandiza. Mu 2020, majimu atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, anthu anagula makinawa mpaka kusowa m'masitolo, ndipo ambiri mwa makinawo akungokhala m'magalaja. Makalabu opalasa mabwato, masukulu ndi majimu nawonso amagulitsa akale akamasintha. A ku kalabu amakhala atayenda kwambiri, koma kawirikawiri amakhala osamalidwa ndi anthu odziwa. A ku jimu apendeni kawiri, chifukwa thukuta la anthu mazana lagwera pamenepo ndipo si onse amapukuta.

Kumudzi, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, makina otere amapezeka mwa apo ndi apo, makamaka kwa alendo ogwira ntchito m'mabungwe amene akugulitsa katundu pobwerera kwawo. Mukawapeza, a mphepo ali ndi mwayi wina: safuna magetsi a pakhoma. PM3 ndi PM5 zimayendera mabatire awiri akuluakulu, onga a tochi kapena wailesi yakale, ndiye magetsi akazima inu mukupalasabe. Tizipangizo tomwe timatha, monga timawilo ta mpando, malamba a mapazi ndi chingwe cha mphira chobweza tcheni, n'tating'ono moti wachibale wochokera ku Joni kapena ku UK akhoza kukunyamulirani m'chikwama.

Musanawononge petulo, funsani zinthu izi: mwakhala nawo zaka zingati, munawagula atsopano kapena kwa wina, amakhala m'nyumba kapena mushedi, munasinthapo chiyani, ndipo mukugulitsiranji? Kenako pemphani kavidiyo kakafupi wina akupalasa, kakompyuta katayaka. Wogulitsa weniweni sakana zimenezi. Akathyali ndi ambiri pamalonda a makinawa chifukwa amagulika msanga. Mukaona mtengo wotsika modabwitsa, zithunzi zokongola ngati za m'sitolo, ndipo mwini wake akuti ali kutali koma mutumize kaye ndalama kuti akusungireni kapena akutumizireni pagalimoto, thawani. Ndalama ituluke mutawagwira makinawo ndi manja anu.

Tsiku lokaona: apa ndiye pagona nkhani

Valani zovala zolimbitsira thupi ndi nsapato zopyapyala pansi. Tengani mabatire atsopano, tochi ya pafoni ndi kansalu. Uzani wogulitsa kuti mufuna kupalasa mphindi khumi, ndipo ngati n'kotheka pitani ndi mnzanu, masana.

Anga ndinawapeza m'galaja ya bambo ena achikulire kufupi ndi mtsinje wa Trent, amene anapalasa mabwato ali anyamata. Inali Model C, penti itayamba kusuluka, chogwirira chathabwa chitadetsedwa ndi manja mpaka kuchita kuwala. Poyang'ana koyamba mtima unagwa pang'ono. Bambowo anangoti, "Khalanipo mwanawe, mumve nokha," n'kudzikhalira pa bokosi kumandiyang'ana.

Yambani ndi njanji imene mpando umayendapo. Yendetsani zala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Timadontho takuda tolimba si vuto, ndi litsiro losakanikirana ndi thukuta, limachoka. Chimene simukufuna ndi pobooka, popindika kapena potumphuka, chifukwa njanji ndi imodzi mwa mbali zodula ndi zovuta kutumiza. Kenako khalani pampando, osagwira chogwirira, muyende uku ndi uku pang'onopang'ono. Ngati mukumva gudugudu pansi panu, pukutani njanji ndi timawilo ndi kansalu kaja, muyesenso. Zikasiya linali litsiro. Zikapitirira, timawilo tatha, ndipo tosinthira sitidula. Gwedezani mpando cham'mbali: kusewera pang'ono n'kwachibadwa, koma usamachite ngati ufuna kuchoka.

Tsopano tcheni. Ikokeni yonse mpaka kumapeto, muiyang'ane ndi tochi. Dzimbiri lapamwamba limachoka ndi oyilo, koma mfundo zouma zimene sizikupindika zimadya mano a kagiya kamkati. Yang'anitsitsani pamene tcheni yalumikizana ndi chogwirira, pali kachitsulo kopindika komwe kamadyeka pakapita zaka. Kakaduka munthu ali mkati mokoka mwamphamvu amagwa chagada, ndiye musapanyalanyaze. Mukatero bwezani chogwirira pang'onopang'ono. Chiyenera kubwerera chokha mpaka kukafika pa khola la fani, tcheni ili gwaa. Ngati chikuima panjira kapena tcheni ikulendewera pamene mukubwerera kutsogolo, chingwe cha mphira cha m'kati chatopa. Chimatheka kukungidwa kapena kusinthidwa, ndi ntchito ya ola limodzi, koma ndi mfundo yonenerera nayo mtengo.

Pindani khosi muyang'ane kunsi. Thukuta ndi mchere, ndipo limadya miyendo yachitsulo ndi mabawuti. Dzimbiri lofiira pamwamba lisakuopseni. Chitsulo chofufuma, chosweka polumikizira kapena bawuti lozungulira osamanga ndi nkhani ina. Pamene mbali ziwiri za makinawo zimakumana payenera kugwirana popanda kugwedera. Tsegulaninso kachitseko ka mabatire. Mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira, mabatire anaphulikira momwemo, ndipo kakompyutako kakhoza kufa tsiku lililonse ngakhale lero kakuyaka.

Zonsezi zikatha, mangani mapazi mupalase. Mphindi ziwiri zoyamba mofatsa, kenako kokani mwamphamvu kakhumi. Mverani m'manja: mukangoyamba kukankha ndi miyendo, fani igwire nthawi yomweyo. Ngati chogwirira chikutereka kaye chisanagwire, kapena tcheni ikudumpha mano n'kumveka kha, vuto lili m'kati, ndipo kukonza kwake kumafuna luso ndi ndalama zochulukirapo. Mverani ndi makutu: phokoso labwino ndi la mphepo yokha, fuu, fuu. Kukwecha kwa chitsulo pa chitsulo, kulira kwa mabering'i, kapena makina onse kunjenjemera fani ikathamanga, zonsezi ndi zizindikiro zoipa. Musaime pa mphindi ziwiri. Zovuta zina zimaoneka makina atatenthedwa, ndipo manambala a pa kakompyuta akamazimazima kapena kudumphadumpha mudzaziona pokhapokha mutakhalitsapo.

Pali kayeso kamodzi komwe ogula ambiri sakadziwa. M'mbali mwa fani muli kachotsegulira mphepo kolembedwa 1 mpaka 10. Pa PM3, PM4 kapena PM5 dinani More Options, kenako Display Drag Factor, yomwe imaonetsa nambala ya mmene mphepo ikulimbanirana ndi fani, ikani kachotsegulirako pa 10, mupalase pang'ono. Makina oyera bwino, pamalo otsika ngati kuno, amaonetsa nambala ya cha m'ma 200. Mukapeza yotsika kwambiri, kawirikawiri fani yadzaza fumbi ndi ubweya wa ziweto, mphepo sikudutsa. Limeneli si vuto lalikulu, koma likukuuzani kuti mwini wake sanatsegulepo makinawo. Kumbukirani kuti kumalo okwera mpweya ndi wopepuka, choncho ku Johannesburg, komwe n'kokwera mamita oposa 1,700, ngakhalenso ku Lilongwe, komwe n'kopitirira pang'ono mamita 1,000, nambala idzatsikirapo ngakhale makina ali bwinobwino.

Za mtunda umene makina ayenda musavutike nazo kwambiri. Makinawa m'makalabu amayenda mamita mamiliyoni ambiri, ndipo kakompyuta kakasinthidwa kuwerenga kumayambiranso. Khulupirirani zimene zala ndi makutu anu akuuzani.

Ngati ndi a madzi, zoyang'ana n'zochepa koma imodzi ndi yaikulu: thanki. Palasani mwamphamvu, kenako pisani dzanja pansi pake ndi pamzere pamene mbali ziwiri za thanki zinamatidwa. Chinyezi chilichonse kapena thabwa lotupa ndi lodetsedwa pansi pa thanki zikutanthauza kudontha. Madzi obiriwira ndi ndere chabe, amakhuthulidwa. Onani lamba wokokera ngati sanayambe kunyenyeka m'mbali, ndiponso ngati akubwerera msanga. Funsani zimene ankathira m'madzimo. Pali timapiritsi take toyeretsera, ndipo mankhwala a m'madamu osambira kapena ochapira zovala amawononga pulasitiki ya thanki.

Kunenerera ndi kunyamula

Musanapite, onani mtengo wa atsopano patsamba la kampani ndi mitengo ya tizipangizo. Makina a Concept2 satsika mtengo msanga, ndipo ena amatchula ndalama yoyandikana ndi ya atsopano. Kusiyana kukakhala kochepa, ndi bwino kudikira miyezi iwiri n'kugula atsopano okhala ndi chitsimikizo cha kampani. Ponenerera musanyoze katundu wa mwini. Tchulani zimene mwapeza ndi mtengo wake: chingwe cha mphira chatopa, malamba atha, timawilo tikulira, zonse pamodzi ndi mwakuti, tichotsepo imeneyo. Bambo a ku Trent aja nditawasonyeza tcheni ikulendewera, anagwedeza mutu, n'kutsitsa okha ndisanatchule nambala, kenako anakatenga kabotolo ka oyilo pashelefu n'kundipatsa ngati basera.

Model D imalemera makilogalamu 26 okha. Ikagawika pawiri imalowa m'galimoto yaing'ono mutagoneka mipando yakumbuyo. Pemphani mwini wake akusonyezeni kagawidwe kake, pindani kamtengo ka kakompyuta, ndipo kulungani njanji ndi bulangete kuti isakandike. Samalani zala pomasula, mpando umatha kutsetsereka n'kukupanani. A madzi akhuthuleni kaye, chifukwa malita pafupifupi 17 akukhavuka m'galimoto amalemetsa thanki pachabe.

Mukafika nawo kunyumba

Tsiku loyamba ndi loyeretsa. Masulani chivundikiro cha fani, muchotse fumbi ndi burashi kapena makina opopera fumbi. Kwa anga munatuluka fumbi lodzaza manja awiri, ndipo nambala ija inakwera nthawi yomweyo. Kumudzi, kumene fumbi la Okutobala limalowa ngakhale mazenera ali otseka, muzichita zimenezi pafupipafupi ndi kufunditsa makinawo nsalu. Tsukani njanji ndi kansalu konyowa, osaipaka oyilo kapena girisi, chifukwa zimangoitana litsiro. Tcheni ndiyo imafuna oyilo: thirani kasupuni kamodzi ka oyilo wopepuka, wonga wa makina osokera, pakansalu, muyendetse tcheni yonse, mupukute wotsala. Kampani imalangiza kutero pakatha maola 50 alionse opalasa. Mangitsani mabawuti onse, ndipo ikani mphasa yalabala pansi kuti makina asamayende ndiponso thukuta lisawononge pansi pa nyumba ya eni.

Ngati muli ndi BP, vuto la mtima, kapena msana umene unakuvutanipo, lankhulani ndi adokotala musanayambe. Ndipo ife amene tinakula tikuona asodzi akupalasa bwato ku Nkhotakota kapena ku Mangochi tiyenera kuiwala kaye chithunzi chimenecho. Msodzi amayang'ana kumene akupita ndipo mphamvu zake zili m'mikono ndi m'mapewa. Pamakinawa mphamvu zambiri zimachokera m'miyendo. Kankhani ndi miyendo kaye, kenako msana upendekere kumbuyo pang'ono, manja amalize kukokera chogwirira pansi pa chifuwa. Pobwerera n'chimodzimodzi chobwerera m'mbuyo: manja awongoke, msana utsatire, mawondo apinde pomaliza. Musaike kachotsegulira mphepo pa 10 poganiza kuti ndiye kulimbitsa thupi kwenikweni, mudzangotopetsa msana. Ikani pakati pa 3 ndi 5. Sabata yoyamba mphindi khumi zakwana, mapalaso 18 mpaka 22 pa mphindi, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono.

Mukamaliza tsiku lililonse pukutani njanji thukuta lisanaume, ndipo chogwirira musachisiye pa kokolowekera kake usiku wonse. Chibwezeni chikatsamire pa khola la fani kuti chingwe cha mphira chipume. Ngati mukuchoka kwa miyezi, mwina kupita kumudzi kukaona abale, chotsani mabatire.